Kachitsulo ka pa Mlombwa

Kwa a Pulofesa ananditumako chifukwa pa kampani yathu yonse yosamalira okalamba m'makomo mwawo mu mzinda wa Hull, kuno ku England, Mmalawi ndinali ndekha. Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala ku Liverpool, anaimba foni kunena kuti bambo ake, amene anali ndi matenda oiwala, ayamba kutchula mawu amene iye sakuwamva. Sichinali Chijeremani cha kwawo, ndiye ankaganiza kuti n'chiyankhulo cha ku Malawi, kumene anagwirako ntchito kalekale. Abwana anga anandiuza nkhaniyi ngati akundininkha mphatso. Ine chimene ndinaona ndi mabasi awiri owonjezera m'mawa uliwonse, ndi mphepo ya mu Hull ija yochokera kumtsinje, yolowa mpaka m'mano.

Ndinawapeza atakhala pafupi ndi zenera, munthu wamtali, wowonda, wa zikhatho zikuluzikulu ngati za mlimi. Nditawapatsa moni m'Chingerezi anangondiyang'ana. Mwana wawo atawauza kumene ndimachokera, nkhope yawo inatseguka.

"Mbawa," anatero. "Muwanga. Msuku. Mlombwa."

"Kwathu timayamba ndi moni, a Pulofesa," ndinawayankha ndikuseka. "Mitengo imabwera pambuyo."

Chichewa chawo chinali chomwecho basi: mayina a mitengo, odi, zikomo, pepani, ndi funso limodzi limene ankandifunsa m'mawa uliwonse ndikamawamanga mabatani a malaya. "Mitengo ilipo?" Ine ndinkati ilipo, monga mmene munthu amayankhira kuti wadzuka bwino mutu ukumuwawa. Anzanga a pantchito ankawaitana ndi dzina lawo loyamba, poti kuno ndi mmene amachitira. Ine lilime linkakana. Munthu wa imvi mutu wonse sindingamutchule dzina ngati tinkasewera limodzi phada.

Mbiri yawo ndinaitola pang'onopang'ono, ina kwa mwana wawo, ina pa zithunzi za pakhoma pamene ndinkapukuta fumbi. Anabadwira ku Jeremani, pafupi ndi nkhalango yodzala anthu, ya mitengo ya mtundu umodzi yoima m'mizere. Akuti mizereyo inkawanyansa kuyambira ali mwana, n'chifukwa chake ataphunzira za malo ndi nyengo ku yunivesite anasankha nkhalango za m'mayiko otentha, zomera zokha. Anayamba ku Cameroon, kenako ku Borneo, kenako kwathu. Ntchito yophunzitsa anaipeza ku yunivesite ina ya kuno kumpoto kwa England, ndipo anakhalako mpaka kupuma. Sanatchuke kwenikweni. Anzawo atayamba kuyeza nkhalango ndi zithunzi zojambulidwa kuthambo, iwo anakakamirabe tepi, hamala ndi kope, n'kumati munthu amene sanaukumbatire mtengo asaunenere kanthu. Achinyamata ankawaseka. Atapuma, makope awo onse anawabwezera m'makatoni, ndipo makatoniwo anadzaza chipinda chakuseri.

Buku limene ankalinyadira kwambiri linali lonena za manda a kwathu. Anaona kuti m'midzi ya chigawo chapakati, kumene minda inadya tchire lonse, mitengo yachilengedwe inatsala kumanda kokha, chifukwa kumeneko nkhwangwa siloledwa. Ndiye anayenda mudzi ndi mudzi kuyeza mitengo ya kumanda. Mwana wawo anandiuza kuti matenda oiwalawa asanawagwire ankakonda kunena kuti nkhalango imene anayeza ku Borneo inasanduka munda wa migwalangwa ya mafuta, ya ku Cameroon inapita pa malole, koma ya kumanda ku Malawi ilipobe, chifukwa akufa amasunga katundu bwino kuposa amoyo. Ndinangoti inde. Pamenepo n'kuti ndisanalumikize kalikonse.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina ndikufunafuna magalasi awo ndinatsegula dirowa ya tebulo, n'kupezamo chitini cha mabisiketi. M'katimo munali tizitsulo topyapyala, tozungulira, toyera ngati supuni yatsopano, kalikonse kali ndi kabowo ka msomali ndi nambala yodinda. Ndinakhala pansi pa kapeti, chitini chili pamiyendo, ketulo ikulira kukhitchini.

Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka khumi, kumudzi kwathu m'boma la Dedza. Ana sitinaloledwe kupita kumanda tsiku la maliro. Nthawi imeneyo kwathu kunalibe zomanga ziliza. Manda anali mtumbira wa dothi, pamwamba pake n'kuikapo kapu kapena mbale ya malemuyo ataiboola, ndipo malowo ankawadziwa ndi mtengo umene wayandikira. Uje agona patsinde pa msuku, uje pakati pa mbawa ziwiri. Chaka chomwecho kunabwera mzungu wina ndi galimoto yodzaza fumbi. Anapempha chilolezo bwinobwino, anapereka nkhuku, ndipo adzukulu, anthu okumba manda aja, anamuperekeza masiku atatu. Ine ndinangomuona patali, chipewa chili m'manja.

Chaka chotsatira, pa nthawi yolambula manda, bambo ananditenga. Anandiimika kumiyendo kwa mtumbira wina, pamene panali kapu ya mayi yachitsulo ya maluwa ofiira, n'kunena kuti, "Mayi ako ali apa." Sindinafune kuyang'ana pansi. Ndinakweza maso, ndipo anagwera pa mtengo wa mlombwa umene unali kumutu kwa mtumbirawo. Pa thunthu pake, moyang'anizana nane, panali kachitsulo koyera kokhomedwa ndi msomali, nambala yake 63. Mlombwa ukaulasa umatuluka utomoni wofiira, ndipo utomoniwo unali utayenderera kuchokera pa msomali n'kuuma ngati magazi. Nkhope ya mayi ndinaiiwala, ndilibe ngakhale chithunzi chawo, koma nambala imeneyo siinachokepo m'mutu mwanga.

Mzungu uja sanabwerenso, ndipo tizitsulo take tinayamba kulankhula tokha. Kwathu chinthu chikapatsidwa nambala ndiye kuti chili ndi mwini wake ku boma. Mphekesera inayenda kuti mitengo yawerengedwa, boma laigulitsa, ndipo malole abwera chilimwe chikubwerachi. Wina anati anamva pa msika, wina anati mlamu wake anaona pepala. Amuna anakhala pansi n'kugwirizana kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: kuli bwino adule okha mitengo yonse ya nambala, matabwa ake akhale zitseko za tchalitchi ndi mabenchi a sukulu, kusiyana n'kuti alendo adyerepo. Mitengo ya nambala inali ikuluikulu yonse. Bambo anga anagwira nawo sowo. Malole sanabwere, ngakhale imodzi.

Zotsatira zake aliyense angazione. Mthunzi utachoka, mvula inasalaza mitumbira, udzu unamera, moto wolusa unadutsa kangapo. Bambo anabwerera kwawo monga amachitira mkamwini mkazi akamwalira, ndipo anakafera komweko. Adzukulu a nthawi imeneyo anatha mmodzimmodzi. Ine ndi achimwene anga titaganiza zomanga chiliza cha mayi, achimwene anaitana akuluakulu atatu, ndipo atatuwo anasonyeza malo atatu osiyana. Sungathire simenti pa mayi wa mwini wake. Nkhaniyo inaima pomwepo zaka zambiri, ndipo inkandidya. Tsiku lililonse ndinkasambitsa makolo a eni, kuwapesa, kuwadula zikhadabo, pamene mayi anga enieni sindikudziwa pamene agona.

Tsopano mzungu wa chipewa m'manja uja ndi ameneyu ndinkamuphikira phala. Ndisaname, mlungu umenewo ndinkawamanga mabatani ndi mkwiyo. Ndinkayang'ana zikhatho zija n'kumaona hamala. Akafunsa kuti mitengo ilipo, ndinkati ilipo ndili kukukuta mano. Koma mkwiyowo sunkakhazikika, chifukwa ukafika pa sowo unkapeza bambo anga.

Kenako mwana wawo anandiuza kuti kumapeto kwa mwezi awasamutsira ku nyumba yosungira okalamba ku Liverpool, pafupi ndi iye, ndipo nyumba ino igulitsidwa. Makatoni aja anali atafunsa kale ku yunivesite, koma anamuyankha kuti alibe malo. Makatoniwo anali oti apita kotaya mapepala.

Malamulo a ntchito yathu saloleza kufufuza katundu wa munthu amene ukumusamalira. Ndinafufuza. Masiku anayi, a Pulofesa akamawodzera pampando masana, ndinkalowa m'chipinda chakuseri n'kumatsegula makatoni, mpaka ndinapeza kope lachikuto chobiriwira lolembedwa dzina la phiri la kwathu. M'katimo munali mayina a mitengo, mizere ya manambala, ndi mapu ojambula ndi pensulo okhala ndi timadontho. Nambala 63 inalipo, pambali pake atalemba mlombwa. Mitumbira sanajambule ngakhale umodzi, iwo ankaona mitengo yokha. Zina zonse zinali m'Chijeremani chofupikitsa, cholembedwa ngati nkhuku yapalasa. Ndinamuonetsa mwana wawo tsamba limodzi ngati ndikungochita chidwi, iye n'kunena kuti zimenezo angawerenge ndi bambo ake okha.

Ndinaimbira achimwene ndili pa siteji ya basi, n'kuwauza za kope lija.

"Ndiye mukudikira chiyani, achemwali? Afunseni."

"Si zophweka, achimwene. Ali ndi dementia, matenda oiwala aja, ndipo ku training anatiuza kuti munthu wotere sitimuuza nkhani yomupweteka. Iwo amadziwa kuti mitengo ija ilipobe."

"Nanga mayi? Iwo ndiye zosawapweteka?"

Ndinayamba ndi njira yozemba. Nthawi imene mutu wawo unkayera bwino inali cha m'ma teni m'mawa, akangomwa tiyi. Ndinawaikira kope pamiyendo, ndipo analisisita ngati mphaka. Ndinawauza m'Chingerezi kuti mudzi umenewu ndi kwathu, ndipo ndikufuna kudziwa pamene pali mtengo wa nambala 63. Anasangalala kwambiri mpaka anandigwira dzanja. Kenako anati mapu ndi osafunika. Ndingopita kumandako n'kukawerenga pa mitengo, tizitsulo timeneto sitichita dzimbiri, tidzakhalapo ine ndi iwo titapita. Anatseka kope n'kundibwezera.

Ndinayesanso mawa lake, yankho linali lomwelo. Kunatsala masiku asanu ndi anayi.

Amati popha nyani sayang'ana nkhope. Ine ndinayang'ana. Ndinakoka mpando n'kukhala patsogolo pawo, maondo athu atatsala pang'ono kugundana.

"A Pulofesa, mitengo ija kulibe. Inadulidwa kalekale," ndinatero m'Chingerezi.

Anafunsa kuti, "Anadula ndani?"

"Ife tomwe. Bambo anga analipo."

"Kumanda sadula mitengo," anatero, ndi mawu a mphunzitsi wokonza mwana wolakwitsa.

"Sitinkadula. Koma tinaona manambala anu, tinaganiza kuti boma laitenga."

Ndinawauza zonse, za mphekesera, za zitseko za tchalitchi, za mvula, za kapu ya maluwa ofiira, za akuluakulu atatu ndi malo awo atatu. Sanandidule mawu. Nditamaliza anafunsa funso limodzi, ngati zinachitika m'mudzi mwathu mokha. Ndikanatha kunena kuti inde. Koma pakamwa panali patatseguka kale, ndipo ndinanena zimene ndinkadziwa, kuti midzi iwiri yoyandikana nafe inatengera ife.

Kunja kunkadutsa galimoto yotola zinyalala, ndipo tonse tinaimvetsera mpaka inakhota. Kenako anati ndiwapatse magalasi, pensulo ndi rula.

Sindinawaonepo chomwecho. Munthu amene ankalephera kupeza kumene kuli bafa m'nyumba yake yomwe anawerama pa kope lija kupitirira ola, akuwerengera chapansipansi m'Chijeremani, dzanja losanjenjemera n'komwe. Anandifotokozera kuti poyeza ankayambira pa miyala iwiri ikuluikulu, wina polowera kumanda, wina chakumadzulo, ndipo pa mwala uliwonse anasemapo kamtanda ndi tchizulo. Anandilembera pa pepala kutalika kwa zingwe ziwiri. Chimodzi achimwene akachigwirizire pa kamtanda koyamba, china pa kachiwiri, ndipo pamene nsonga zake zikakumane ndi pamene panali mlombwa.

"Koma mtengo uli ndi mbali zambiri," ndinatero. "Mayi ali mbali iti?"

"Unati kachitsulo kankayang'ana iwe?"

"Inde."

"Ndiye ali kumtunda kwa mtengo. Ndinkakhoma mbali ya kumtunda nthawi zonse, ku Cameroon, ku Borneo, kulikonse. Sindinasinthepo."

Anandipatsa pepalalo, n'kuvula magalasi. "Pepani," anatero m'Chichewa. Ine ndinati zikomo, ndipo ndinapita kukatsuka makapu amene anali otsuka kale.

Achimwene anapempha chilolezo kwa eni mudzi, anatenga adzukulu awiri ndi zingwe zoyezeratu. Timitanda anatipeza atapala ndere pa miyala. Anandiimbira Loweruka masana ndili pa shifiti kwa gogo wina, ndipo ndinathawira m'bafa kukayankha.

"Achemwali, chitsa chilipo. Chinakwiririka, koma khasu lachigunda pomwe zingwe zakumana."

"Pitani kumtunda kwake. Palani pang'onopang'ono."

Ndinamva khasu, ndinamva anthu akuyankhulana chapatali. Kenako khasu linaima.

"Achimwene?"

"Kapu," anatero. "Yadyeka dzimbiri, koma duwa limodzi likuoneka."

Ndinalira nditakhala m'mphepete mwa bafa la munthu wachilendo, mpopi nditautsegula kuti gogoyo asamve.

Apa ndiyenera kuulula chimene ndinkadalira. Ndinkadalira matenda awo. Mumtima ndinkati ndiwauza lero, alira lero, mawa adzuka ataiwala, andifunsanso za mitengo, ine ndidzati ilipo, ndipo aliyense adzakhala ndi chake. Munthu woiwala kuti wadya kale angasunge bwanji nkhani ya tsiku limodzi? Mawa lake ndinawamanga mabatani kuyambira pansi mpaka pakhosi, ndikudikira funso lija. Silinabwere. Mkuja wake silinabwerenso. Mayina a mitengo nawonso anasiya kuwatchula. Ankangokhala pazenera, chitini cha tizitsulo chili pamiyendo, osachitsegula. Mwana wawo atabwera kudzalongedza anandifunsa ngati chinachitika chinachake, poti bambo ake azilala mwadzidzidzi. Ndinati matendawa ndi mmene amayendera. Kope lobiriwira ndinalipempha, ndipo anandipatsa mosavuta. Makatoni ena onse anapita.

Chiliza chinamangidwa chilimwe chotsatira. Ine sindinapiteko, mapepala anga okhalira kuno anali asanalongosoke, ndiye achimwene ananditumizira chithunzi pa foni. Chiliza chabwino, cha matailosi oyera, dzina la mayi lolembedwa bwinobwino. Ndinaganiza kuti a Pulofesa ayenera kuchiona, aone kuti manambala awo anabweza munthu kwa ana ake. Mwina ndinkafuna kuti andikhululukire, kapena kuti ndiwakhululukire, sindikudziwa bwino. Tsiku langa lopuma ndinakwera sitima kuchoka ku Hull mpaka ku Liverpool.

Ndinawapeza m'chipinda chochezera, pakati pa okalamba ena oyang'ana wailesi yakanema. Anali atachepa thupi, malaya atamangidwa mabatani mophonya, ndipo ndinayamba ndakonza zimenezo. Wosamalira wa pamenepo anandichenjeza kuti masiku ano sadziwa ngakhale mwana wawo, ndipo Chingerezi chinawathawa. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Ndinawaikira foni m'manja.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala chachikulu pa chiliza, n'kuchiphimba chonse, kuti aone bwino zimene zili kumbuyo kwake. Kumbuyoko kunali udzu wouma, ziliza zina ziwiri, ndi thambo loyera kuchokera pansi mpaka pamwamba. Ine chithunzicho ndinali nditachiyang'ana kambirimbiri, koma thambolo ndinali ndisanalione.

Sindinapirire. Ndinagwada pambali pa mpando wawo, ndinawagwira dzanja, n'kunena m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndi mawu omwe aja a m'mawa uliwonse.

"A Pulofesa, mitengo ilipo."

Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. Anali ndi liwu lina la Chichewa limene sindinkadziwa kuti ali nalo.

"Bodza," anatero, n'kundibwezera foni.